Chaka Chimene Ndinasanduka Amake Luka

Ndikukumbukira mtengo wa mango umene unali kuseri kwa ofesi ya ahedi pasukulu yathu ya pulayimale, kumudzi kwathu cha ku Mtenguleni. Mango ake anali owawasa moti ngakhale anyamata osusuka aja ankawasiya kuti apse okha. Koma unali ndi nthambi imodzi yaikulu yotambalala bwino, ndipo panthambi imeneyo ndi pamene azachipatala ankapachika sikelo yoyezera ana akabwera mwezi ndi mwezi. Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene ndinasiya dzina langa.

Dzina langa ndine Felesita. Ndilo ndinabatizidwa nalo, ndilonso lili pachitupa. Koma mutapita kumudzi kwathu lero n'kufunsa kuti kwa a Felesita n'kuti, anthu angayambe kuyang'anana n'kumafunsana ngati kwabwera mtengwa watsopano. Mukangoti Amake Luka, ngakhale kamwana kamamina kakulozerani khomo la kwathu. Chonsecho Luka si mwana wanga. Ndi mlongo wanga, bere limodzi.

Choseketsa n'chakuti umayiwo ndinkaulirira ndekha. Tili aang'ono, tikamachita masanje m'mapesi anthu atakolola, ine sindinkalola kukhala china chilichonse koma mayi. Mnzanga Esinati ndinkamupatsa ubambo, akakana ndinkamuuza kuti ndiye akhale fisi wakuba ndiwo. Ndinkabereka chitsononkho ndi kansanza, n'kumachitonthoza, n'kumachikalipira kuti chikusokosera. Akulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere m'manja. Yanga anandisemera ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Giredi 7.

Chaka chimenecho amayi anayamba kutsokomola Luka atangoyamba kukwawa. Poyamba tinkati ndi fumbi la m'chilimwe, kenako tinkati ndi utsi wa kukhitchini, mpaka mvula inagwa chifuwa chili chomwecho, zovala n'kuyamba kuwakulira. Kuchipatala ku Chipata anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo chinali chitalowerera. Anati agonekedwe, ndipo akatuluka akhale pafupi, azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Anagwirizana zoti akakhale kwa ang'ono awo ku Kapata, komboni ya m'tauni momwemo, m'kanyumba ka lendi kodzaza kale ndi ana. Luka sakanapita nawo. Agogo athu onse anali atatisiya, ndipo pakati pa ine ndi Luka panalibe mwana wina wamoyo. Panali timanda tiwiri tating'ono. N'chifukwa chake pakhomo pathu panalibe amene ankaseka Luka akangotentha thupi pang'ono.

M'mawa umene ankanyamuka, amayi anamasula mbereko yawo, chitenje chabuluu chokhala ndi zithunzi za nkhanga, n'kundiuza kuti ndiwerame. Anamuika Luka kumsana kwanga, n'kukoka nsonga za chitenjecho, n'kumanga mfundo pachifuwa panga. Mfundoyo inatsetsereka. Pachifuwapo panali pasanamere kanthu koti n'kuigwira. Amayi anaseka, kusekako kunasanduka kutsokomola, kenako anamanganso molimba mpaka mpweya unandithawa. Anati, "Ndibwera msanga. Usamulize." Atate anawakweza panjinga, ine n'kuwaperekeza ndi maso mpaka anabisika kuseri kwa chimanga.

Atate anali munthu wosayankhulayankhula, ndipo moyo wawo wonse unali m'munda wa thonje. Thonje silidikira kuti kunyumba kuchire wodwala. Likufuna kupalira, likufuna kupopera, ndipo iwo ankabwera masana akununkha mankhwala moti sankamugwira Luka asanasambe. Kuyambira kale ankanditcha "amayi" mongocheza, poti dzina la Felesita linali la amayi awo. Koma tsopano mawuwo analemera. Ankaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amayi, kodi mchere ulipo? Nanga nkhuku ija tigulitse kapena muifunabe?" Tsiku loyamba ndinacheuka kuti ndione amene ankamufunsa.

Ndinaphunzira zambiri zimene sizinabwere pamayeso a Giredi 7. Ndinaphunzira kusinja mtedza mwana ali kumsana popanda kumugunda ndi munsi. Ndinaphunzira kuziziritsa phala polithira kuchoka m'kapu ina kupita m'kapu ina, ndi kudziwa kulira kwa njala, kwa tulo ndi kwa matama chabe. Ndinaphunzira kuti kumsana kukayamba kufunda mwadzidzidzi, si dzuwa ayi. Matewera athu anali zidutswa za zitenje zakale, ndipo ndinkachapa mpaka zala kutuwa. Ndinayamba kumveka fungo limene ndinkalidziwa bwino koma sindinkaliyembekezera pathupi langa: fungo la phala, utsi ndi mkodzo wa mwana. Ngakhale ndisambe bwanji, linkanditsatira.

Masiku oyambirira, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Amake Jesi, ankanditengera Luka m'mawa kuti ndipite kusukulu. Anali mayi wamtali, wa mawu ngati belu, wosadziwa kunong'ona. Koma nawonso anali ndi munda wawo ndi khanda lawo, ndipo Luka anayamba kukana msana wina uliwonse kupatula wanga. Ndinayamba kujomba tsiku limodzi, kenako sabata, mpaka yunifolomu yanga inangokhala pachingwe m'chipinda ikutola fumbi. Palibe anandiuza kuti ndisiye sukulu. Ndinangozindikira kuti belu likamalira, miyendo yanga yasiya kuyabwa.

Anzanga sanandithamangitse, zimenezo ndisawanamizire. Madzulo ndinkapitabe pabwalo pamene tinkasewera. Koma yesani kutola miyala ya chiyato kamwana kakusuzumira paphewa panu n'kumalanda miyalayo kuti kaike m'kamwa. Yesani kulumpha chingwe cha waida mutu wa mwana ukugundagunda kumsana. Esinati ndi anzake ankakamba za aphunzitsi a masamu ndi za mnyamata wina amene anayamba kupesa tsitsi. Ine ndikatsegula pakamwa, zimatuluka ndi za mano a Luka ndi za m'mimba mwake. Iwo ankangopitiriza nkhani yawo. Kutchalitchinso zinali chimodzimodzi. Atsikana ankakhala kutsogolo pafupi ndi kwaya, koma mayi wa mwana amakhala kumbuyo cha kukhomo, kuti mwana akalira atuluke msanga. Misa yonse ndinkaimvera kumeneko, pakati pa amayi oyamwitsa, ndikuyang'ana nkhongo za anzanga.

Tsono linafika tsiku la sikelo. Miyezi yam'mbuyo Amake Jesi ankamutenga Luka pamodzi ndi khanda lawo, koma ulendo uno atangomugwira anakuwa ngati amutsina. Iwo anati, "Tiye wekha, mwana wanga. Kusikelo sikuluma." Ine ndinadziwa kuti kuluma. Mtengo wa mango uja unayang'anizana ndi mazenera a kalasi yanga, ndipo mazenerawo analibe magalasi.

Ndinaganiza kwambiri m'mawa umenewo, ndipo nzeru imene ndinapeza ndinaiona ngati yakuya. Ndinati ndikavala chitenje ndi duku, ndioneka ngati mmodzi wa amayi aja. Koma ndikavala yunifolomu, aliyense aona kuti uyu ndi mwana wa sukulu, wangotumidwa chabe. Ndinaitsitsa pachingwe, ndinaikuntha fumbi, ndinaisita ndi simbi ya makala mpaka inaima njo. Ndinadzola mafuta kumaso ndi kumiyendo. Kenako ndinamubereka Luka pamwamba pa yunifolomuyo ndi chitenje cha nkhanga chija, n'kunyamuka ndikudzimva kuti ndine wochenjera.

Pansi pa mtengo panali patadzaza kale. Amayi anakhala pansi miyendo atatambasula, ana akulira, ena akuyamwa, ndipo panjinga yamoto panatsika anesi achilendo, achitsikana ndithu, amene anali asanabwerepo kwathu. Mwambo wa pasikelo unali woti asanayambe kuyeza pakhale nyimbo ndi kaphunziro. Tinaimba ya phala la mtedza, tikuomba m'manja. Ine ndinakhala kumapeto kwenikweni, msana nditalozetsa kumazenera. Kaphunziro ka tsikulo, mwa tsoka langa, kanali konena za atsikana otenga mimba akadali pasukulu. Anesi aja anayankhula bwino ndithu, maso akuyenda pagulu, mpaka anaima pa kolala yanga yosita.

"Iwe wa yunifolomu, taimirira. Bwera kuno kutsogolo."

Ndinaimirira. Ndinapita kutsogolo.

"Azimayi, izi ndizo ndikunena. Taonani. Mwana wabala mwana. Yunifolomu sanavule n'komwe." Anandiyang'ana mwachisoni, osati mwaukali, ndipo zimenezo zinangoonjezera. "Ukuyamwitsa?"

Ndinapukusa mutu.

"Mwaona? Ayamwitsa ndi chiyani?"

Akuti manyazi anapha lambe, ndipo ine tsiku limenelo ndinamumvetsa lambeyo. Ndinangoti zyoli, maso pa zala zanga zakumapazi zodzola mafuta. Kumbuyo kwanga ndinamva madesiki akukhuluzidwa, ndipo ndinadziwa kuti mazenera adzaza mitu. Anesi anati poti ndaima kale, ndiyambe ndine kuyezetsa. Ndinamumasula Luka, tinamuveka kakabudula ka sikelo kaja, n'kumukoleka pambedza. Atangoona kuti ali lendelende m'malere, anatambasula timanja take kuloza kwa ine n'kukuwa ndi mphamvu zonse za phala limene ndinkamuphikira: "Amama! Amamaa!"

Mawu amenewo sanali achilendo kwa ine. Anali atayamba kale kunditchula choncho kunyumba, ndipo ine ndinkabisa ngati nthenda. Ndinkamukhazika pamiyendo n'kumamuphunzitsa kuti anene "Fele", iye n'kumangoseka dovu likutuluka. Tsopano anaulutsa pamaso pa sukulu yonse. Kumazenera kunaphulika phwete, ndipo ndinamva aphunzitsi akumenya ndodo padesiki koma osaphula kanthu.

Amene anaimitsa zonse anali Amake Jesi ndi mawu awo aja. "Anesi, pepani, mwanayu sanabale ayi. Uyu ndi mlongo wake. Amake ali ku Kapata, adwala chifuwa. Kuyambira muja mvula inayambira, amulera ndi yemweyu."

Anesi anagwira pakamwa. Anandipepesa kangapo, ndipo ndinaona kuti nawonso manyazi awagwira. Anayang'ana muvi wa sikelo, n'kunena mokweza kuti mwanayu wakwera bwino kuposa ana ambiri oyamwa. Pofuna kukonza zimene analakwitsa, anati, "Ndiye azimayi, tamuombereni m'manja mtsikanayu!" Manja anaomba. Wina anaimba nthungululu. Ndipo pamwamba pa zonsezo panamveka belu lija: "Amake Luka! Amake Luka enieni ndi amenewa!"

Mwina mungaganize kuti pamenepo mtima unakhala pansi. Ayi ndithu. Kuombera m'manjako kunandichititsa manyazi kuposa kudzudzula kuja. Zimene ananena anesi zinali zabodza, ndipo bodza limachapika. Koma zimene ananena Amake Jesi zinali zoona, ndipo amayi onse aja anavomereza ndi mitu. Anasendera n'kundipatsa malo pakati pawo. Ndinakhala pansi ndi yunifolomu yanga yosita, Luka akupukutira mamina pakolala, ndipo ndinadziwa kuti kumazenera kuja ndatulukako.

Dzinalo linafika kumudzi ine ndisanafike. Anyamata ankati akakumana nane panjira amapatuka, n'kupinda mawondo mwachipongwe, n'kundipatsa moni, "Mwachoma bwanji, Amake Luka? Ana ali bwanji kunyumba?" Zimenezo ndinkapirira, poti mnyamata ndi mnyamata. Chimene chinandilasa ndi cha Esinati. Anabwera kunyumba madzulo a tsiku lomwelo kuti adzandipepese chifukwa nayenso anaseka. Anandipeza ndikupeta ufa. Anaima potero, manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Musadandaule, anthu aiwala." Sanali kunyoza ayi. Ulemuwo unangomutuluka wokha, monga umatulukira munthu akaima pamaso pa mayi wapakhomo. Esinati yemwe uja ndinkamusandutsa fisi pamasanje, amene tinkatukwanizana mpaka kukokana tsitsi, anandipatsa ulemu. Atapita ndinalira, misozi n'kumagwera mu ufa.

Koma pali china chimene chinkandisokoneza mutu. Dzina lomwelo limene ndinkadana nalo masana, nthawi zina linkandikomera. Munthu akabwera kudzabwereka mtondo, atate n'kunena kuti, "Funsani eni khitchini," mtima unkafufuma. Kuchitsime amayi akayamba kudandaula za ana osagona, ine ndinkaponyapo langa, iwo n'kumvetsera. Luka akadwala chimfine n'kuchira, ndinkayenda ngati ndapambana mayeso. Ndikakhala ndi atsikana ndinkadziona wokalamba, ndikakhala ndi amayi ndinkadziona kamwana kovala nsapato za eni. Sindinkadziwa kuti ndine ndani, ndipo panalibe nthawi yoti ndikhale pansi ndidzifunse, chifukwa phala linali pamoto.

Amayi anabwera nthawi yozizira, thonje litayera m'minda. Anatsika panjinga ya atate atanyamula buledi m'kajumbo, nkhope itawala koma miyendo ili ngati mabango. Ndinathamanga kukawachingamira, Luka ali kumsana, ndipo kwa kanthawi ndinali mwana ndithu. Anandikumbatira, kenako anazungulira kumbuyo kwanga n'kutambasula manja. "Luka, bwera kwa amama." Luka anawayang'ana ndwii. Kenako anabisa nkhope m'khosi mwanga, timanja n'kukanirira m'malaya. Amayi atayesa kumumasula, anakuwa ngati tsiku la sikelo lija, ndipo mawu ake anali omwe aja, akuitana ine.

Manyazi a pansi pa mtengo wa mango anali aang'ono poyerekeza ndi amenewa. Ndinamva ngati andipeza nditavala chovala cha amayi chapatchalitchi popanda kupempha. Atate anayesa kupeputsa, n'kumuuza Luka kuti, "Iwe, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Amayi anayang'ana miyendo yawo n'kuseka, tonse tinaseka. Kenako anati akufuna aone nkhokwe, ndipo anakhalitsa kuseri kwa nyumba kuposa mmene munthu angaonere nkhokwe.

Masiku otsatirawo pakhomo panali amayi awiri, ndipo khitchini yathu inali yaing'ono. Ndinkadzigwira, koma pakamwa pankandithawa. Amayi akaphika phala, ndinkangozindikira ndanena kuti lalimba, Luka salikonda lotero. Akafuna kumusambitsa, ndinkawauza kuti amayamba ndi miyendo, mutu pomaliza. Akafuna chipande, ankachita kundifunsa pamene ndinachiika, m'khitchini yawo yomwe. Tsiku lina nditawakonzanso pa nkhani ya mchere, anasiya kutakasa, n'kundiyang'ana mofatsa. Anati, "Zikomo, Amake Luka." Sanakweze mawu. Sindikudziwa mpaka lero ngati kunali kuthokoza kapena kudandaula, mwina zonse ziwiri. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa khola la mbuzi, makutu akutentha.

Nzeru inachokeranso kwa Amake Jesi. Anati mwana wa msinkhu umenewo sadziwa mayi ndi maso, amadziwa ndi mphuno. Mbereko ya nkhanga ija isachapidwe, ikhale ndi thukuta langa lomwelo, ndipo amayi azimubereka nayo akagona. Nsalu zanga zogonera azifunda ndi amayi. Ndipo ine ndizisowa pakhomo kuyambira m'mawa. "Nanga ndizipita kuti?" ndinafunsa. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Kusukulu, mwana iwe! Waiwala njira?"

M'mawa mwake ndinamunyengerera Luka mpaka anagona. Amayi anawerama patsogolo panga, mafupa a msana akuonekera pamalaya, ndipo ine ndinamuika pang'onopang'ono, n'kuyala chitenje, n'kuwazungulira kukamanga mfundo pachifuwa pawo. Ndinawauza kuti dzanja lake lamanzere alisiye kunja, amakonda kuyamwa chala. Anati, "Chabwino." Sitinayang'anane. Ndinavala yunifolomu, imene tsopano inali itayamba kuthina pamalo pamene mfundo ija inkatsetsereka, n'kuyamba ulendo. Mphepo ya mwezi umenewo inandilowa kumsana mpaka m'mafupa. Ndinali nditaiwala kuti msana wa munthu umazizidwa.

Mayeso a chaka chimenecho ndinalephera, ndipo ndinabwereza ndi ana amene kale ndinkawatuma. Esinati anapitirira. Koma chimene anthu a m'kalasi imeneyo amandikumbukira nacho si kulephera. Tikaima pamzere wa asembule, ahedi akulankhula, thupi langa linkayamba lokha kugwedezeka uku ndi uku, dzanja n'kupita kumbuyo kukaombaomba mwana amene panalibe. Ndinkadzidzimuka ndi kuseka kwa mzere wonse. Pa nthawi yopuma ndinkayesa kukhala nawo pachiyato, koma ndinkangoona kuti uyu malaya ang'ambika, uyo sanadye, ndipo posakhalitsa ndinkapezeka ndikupukuta mamina ana a Giredi 1. Kusewera kunali kutandichoka ngati dzino la mkaka.

Nzeru ya mbereko inagwira ntchito. Patapita milungu, ndikuchokera kusukulu, ndinapeza Luka atakhala pamiyendo ya amayi akudya mbatata. Anandiona, n'kuloza ndi kambatata kake, n'kufuula mokondwa, "Fele!" Dzina limene ndinamugwadira miyezi yonse ija kuti alitchule. Amayi anamwetulira, ine ndinamwetulira, ndinaika mabuku m'nyumba, kenako ndinapita kuseri kwa khola la mbuzi kuja n'kulira mpaka mbuzi zinasiya kudya. Ndinachitanso manyazi ndi kulirako, chifukwa zimene ndinkafuna ndi zomwezo.

Lero ndimakhala m'tauni, ndimasoka zovala ku Kapata, kufupi ndi kumene amayi anachirira. Ndinakwatiwa mochedwa, chifukwa anzanga akamalakalaka makanda ine ndinkamva ngati ndinapuma kale pantchito. Mpaka pano sinditha kukhala pansi ena akugwira ntchito. Pamaliro, paukwati, mundipeza kumoto. Amuna anga amati ndinawalera m'malo mokwatiwa nawo, ndipo sindiwatsutsa. Pamzere wa kubanki ndimagwedezekabe.

Zinthu zasintha, n'zoona. Matewera ochapa akusowa, ana akuvala ogula otaya. Mayi akagonekedwa kutali, amaimba foni mwana n'kumva mawu ake, mwinanso kuona nkhope. Anthu ayamba kufunsa mtsikana akasowa m'kalasi. Komabe ndikakhala pamakina anga ndimawaona akudutsa, atsikana a miyendo yowonda, mwana kumsana, chigubu kumutu, nkhope ya munthu wamkulu. Anthu amawayamikira kuti ndi ana anzeru, ndipo n'zoona. Koma palibe amawafunsa kuti anasewera liti komaliza. Mwana wanga woyamba, Tiyamike, wafika msinkhu womwe uja. Tsiku lina ndinamupeza atabereka mng'ono wake, mfundo atamanga bwinobwino, mayi wina woyandikana nafe akumutama kuti akuoneka ngati mayi weniweni. Ndinamumasula mwanayo mofulumira moti Tiyamike anadabwa kuti walakwa chiyani. Ndinamuuza kuti sanalakwe, apite akasewere, ndipo asabwere mpaka atada ndi fumbi.

Kumudzi dzina lija silinafe. Ngakhale ana obadwa dzulo amanditcha Amake Luka, ndipo Luka mwini wake, bambo wa ndevu zake, akafuna kundipempha kanthu amayamba ndi "amama" akuseka. Koma alipo munthu mmodzi amene analitchula kamodzi kokha, tsiku la mchere lija, osabwerezanso. Amayi. Zaka zonsezi, pamaso pa alendo, pamaso pa apongozi anga, ngakhale pakati pa chitsime, amandiitana ndi dzina langa, mokweza, ngati akukalipira mudzi wonse.

Chaka chatha tinapita kukabatiza mwana wa Luka. Titabwera ku Misa, ine monga mwa chizolowezi ndinali nditalanda kale khandalo, ndalibereka, uku ndikulongosola za mapoto. Amayi anali pakhonde, imvi zili mbuu, akusenda mango ndi kampeni kawo. Anakweza mawu.

"Felesita! Iwe Felesita!"

Ndinathamanga ngati kamtsikana, anthu akuseka.

"Mwanayo ali ndi amake. Kam'patse. Ukabwere ukhale apa."

Ndinakamupereka, ndinabwera, ndinakhala pamphasa pafupi ndi miyendo yawo yowonda ija. Anandipatsa bango losendasenda m'manja, monga amachitira ndi mwana wamng'ono. Ndinayamba kudya, madzi ake akutsikira m'zigongono, ena akugwira ntchito ine ndili phee. Sindinazindikire kuti ndayambanso kugwedezeka mpaka pamene dzanja lawo linatera pamsana panga n'kukhala pomwepo.

"Basi, Felesita," anatero. "Anagona kalekale."